Munda wa Bambo ndi Ambululu

Mipopi ya ku Chilomoni ikauma, ndipo sichedwa kuuma, tinkakwera ndi ndowa kukatunga padziwe la kamtsinje kotsika m'phiri. Madzi ake anali oyera mbee, pansi pali miyala ya ndere, ambululu ali piringupiringu kudya nderezo. Mayi ankati madzi a ambululu ndi amoyo. Tinkangowakankha ndi chikho n'kutunga.

Bambo anga anali a ku Nsanje, kuchigwa, komwe anthu amabzala osaunga mizere. Atapeza kamunda kumtunda kwa dziwelo, analima chikwawo, kusalaza dothi ngati bwalo. Mnansi wathu, bambo a ku Mulanje, atawachenjeza kuti dothi likokoloka, bambo anayankha kuti khasu sanaliyambe dzulo. Bambo anali ouma mutu, ndipo ine ndinatengera komweko.

Mvula itagwa, dothi lofiira linatsetserekera m'dziwe. Matope anakwirira miyala ndi ndere, ambululu anasowa chakudya ndi pobisala, ambiri anafa. Dziwe linayamba kukwiririka, ndowa n'kumabwera ndi phala. Ndinakwiya zedi, chifukwa kwina kotunga kunali kutali, ndipo wosenza ndinali ine.

Mayi sanalongolole. Anatunga madzi omwewo, mbululu wakufa ali momwemo, n'kukaika kubafa pamodzi ndi sopo.

"Madzi ndaika, bambo ake."

Bambo anasuzumira. "Ndisambe zimenezi?"

"Ndi munda wanu womwewo. Wakutsatirani kunyumba."

Loweruka bambo anapita kwa mnansi uja, chipewa chili m'manja, kukapempha kuti awaphunzitse kuunga mizere yopingasa phiri. Anasekedwa mokwanira, koma anapirira. Anadzala udzu wa vetiva m'mphepete mwa munda, ndipo matope a m'dziwe anawachotsa okha ndi fosholo.

Ambululu sanabwerere msanga. Anayamba kuwaona ndi bambo omwewo, ndipo anafika kunyumba ali wefuwefu kudzatiitana.

Bambo anatisiya kale, koma mpaka lero ndimawathokoza chifukwa cha Loweruka limenelo. Kuvomera kulakwa kunali kowawa kwa munthu ngati iwo.

Posachedwapa mipopi inaumanso, ndipo ndinakwera kudziwe ndi mwana wanga wamkazi. Atasuzumira anachita tsinya.

"Mami, m'madzimu muli tizilombo!"

"Tikankhe pang'onopang'ono," ndinatero. "Tizilomboti anatibweza muno ndi agogo ako."