Zisa za Uchi pa Tebulo Langa ku Mtendere

Ndinayamba kugulitsa uchi pamsika wa ku Mtendere, mumzinda wa Lusaka, mwamuna wanga atachotsedwa ntchito. Uchiwo unkachokera kwa alongo anga aakulu amene anatsala kumudzi ku Petauke, komwe ali ndi ming'oma m'nkhalango ya kuseri kwa munda wawo. Iwo ankafula, n'kufinya, n'kutumiza m'zigubu pa basi. Ine ndinkangothira m'mabotolo. Unali wakuda, wolemera, ndipo amayi a ana odwala chifuwa ankabwera kudzaufuna kuchokera ku Kalikiliki ndi Kalingalinga komwe.

Kenaka kunabwera uchi wakunja. Unayambira m'masitolo a m'tauni, posakhalitsa unafika m'makomboni. Unali m'timabotolo tapulasitiki tokongola, woyera mbee ngati mafuta ophikira, ndipo mtengo wake unali wotsika mwakuti ine sindikanaufikira ngakhale alongo anga akanandipatsa wawo mwaulere. Anthu anga anayamba kudutsa pa tebulo langa atayang'ana kumbali. Nyengo yozizira itafika uchi wanga unalimba m'mabotolo, monga umachitira uchi weniweni. Bambo wina amene ankandigula kuyambira kale ananyamula botolo, n'kuligwedeza.

"Bamayi, mwaikamo shuga," anatero. "Uja wa mu shopu suuma."

Ndinawafotokozera, koma anapita osagula.

Sabata lomwelo alongo anga anaimba foni. "Mlongo wanga, ming'oma yadzaza koma zigubu sizikuyenda. Anzanga kuno ayamba kugwetsa mitengo kuti awotche makala. Nanenso ndikuganiza zomwezo."

Ndinawauza kuti adikire kaye. "Ulendo uno musafinye. Tumizani uchiwo ndi zisa zake zomwe, mu ndowa zotseka bwino."

Ndowazo zisanafike ndinatulukira chimene chinandipweteka kuposa mtengo. Mayi wa tebulo loyandikana ndi langa, amene timapemphera tchalitchi chimodzi, ankagula uchi wakunja uja, n'kuukhuthulira m'mabotolo akale a mayonezi, n'kumakuwa kuti ndi uchi wa kumudzi. Ndinamupeza akuchita zimenezi m'mawa kuseri kwa tebulo lake.

"Basisi, gulitsani vinthu vanu, sinikuletsani," ndinatero. "Koma osanama kuti ni wa kumunzi."

"Nanga bana banga bazadya chani?" anandiyankha osadzutsa mutu. "Banthu bafuna vochipa."

Sindinakangane naye. Ndinasonkhanitsa anzanga ogulitsa uchi wa m'dziko muno, n'kupita nawo kwa komiti ya msika. Mnyamata wina amene ankatenga uchi wake ku Kabompo anakwiya kwambiri, akuti uchi wakunja uchotsedwe pamsika ponse. Ine sindinagwirizane naye. Ndinauza atcheyamani kuti munthu wosauka ali ndi ufulu wogula chimene thumba lake lakwanitsa. Chimene ndinkakana ndi chakuti dzina la uchi wa alongo anga ligulitse katundu wa anthu amene sanalumidwepo ndi njuchi ya kuno.

Nkhani inatenga nthawi, mawu anakwera, mayi uja analira. Pomaliza atcheyamani anagamula kuti uchi wakunja uzigulitsidwa m'mabotolo ake omwe unabweramo, osausamutsa. Mnyamata wa ku Kabompo anatuluka akudandaula kuti ndamugulitsa.

Ndowa zitafika ndinayala zisa pa thireyi yoyera, n'kuvundikira ndi kansalu kopyapyala chifukwa cha ntchentche. Aliyense wofuna uchi ndinkamudulira chisa, n'kufinyira m'botolo iye akuona. Njuchi za mu Lusaka zinamva fungo n'kuyamba kuzungulira tebulo langa. Anzanga ogulitsa tomato anadandaula, koma anthu odutsa ankaima kudzaonerera. Ana a m'tauni amene sanaonepo chisa ankapempha kaphula koti atafune, ndipo amayi awo ankachita manyazi kuchoka osagula kanthu.

Sikuti onse anabwerera. Ambiri mpaka lero amagula wotchipa uja, ndipo sindiwadzudzula. Koma amene anabwerera anabweretsa anzawo, ena mpaka ochokera ku Lilanda, kutsidya lina la mzinda. Mtengo sindinatsitse. Munthu akati ndadulitsa, ndimamulozera mwaulemu tebulo la mayi woyandikana nane uja, n'kumuuza kuti uchi wa thumba lake uli apo.

Kumudzi zinthu sizinayende chimodzimodzi kwa onse. Mnansi wina wa alongo anga anagwetsa mitengo yonse ya m'dera lake, njuchi zake zinathawa, ndipo tsopano ali ku Chawama kuno ku Lusaka akukankha wilibala. Alongo anga sanadule ngakhale umodzi. Chaka chathachi anapachika ming'oma ina, ndipo anakopa mabanja ena a m'mudzimo kuti azitumiza zisa zawo pamodzi ndi zawo. Katundu wachuluka mwakuti mwamuna wanga anasiya kusaka ntchito m'mafakitale. Masiku a msika amanyamula ndowa imodzi kupita nayo ku Matero, komwe watsegula tebulo lathu lachiwiri.