Galu amene ankamva Chingerezi chokha

Odutsa pa msika wa ku Mongue amawadziwa a Fabião ngati mkulu wokonza njinga, wosayankhulayankhula. Ukawapatsa njinga, amazungulitsa gudumu nkulitchera khutu mpaka iwe kutopa, kenako nkuloza sipoko yomwe yamasuka. Achinyamata amati ndi mankhwala. Si mankhwala, anawaphunzitsa ndi galu.

Pobwerera kuchokera ku kampu ya othawa nkhondo ku Malawi mu 1994, a Fabião anali munthu wapakamwa, woyankha funso lisanathe. Akazi awo, mayi Ermelinda, ankati makutu anawaiwala kutsidya kwa mtsinje wa Ruo. Banjali linapeza bwinja lawo litamera nsenjere, litazunguliridwa ndi miyala yopaka utoto wofiira, kusonyeza kuti pansi pali mabomba okwirira. Anamanga chisakasa m'mbali mwa msewu. Mbewu ya chimanga inali m'chitini, kokadzala kulibe, ndipo mvula inali itatsala miyezi itatu.

Ochotsa mabomba atafika anafuna anthu oyenda ndi agalu awo. A Fabião analembedwa chifukwa ku kampu anatolako moni wa Chingerezi. Anawapatsa galu wamkazi wamakutu osongoka, wodya nyama tsiku lililonse, moti amayi a m'mudzi anamutcha Dona Natália. Galuyu Chinyanja sankamva, Chilomwe sankamva, Chipwitikizi ndiye osayerekeza. Anaphunzitsidwa m'Chingerezi, ndipo akanunkhiza bomba ankakhala pansi.

Mphunzitsi wa gululo, bambo wa ku Zimbabwe wodziwa Chinyanja, anawakhazika a Fabião pa bokosi.

"Mawu oti uphunzire ndi ochepa," anatero. "Look ndi kuponya maso, ngakhale mwana amatha. Listen ndi kutchera khutu. Watch ndi kusunga chinthu m'maso mpaka uone chikusintha. Musanalowe m'munda wa mabomba umuuze galu watch me, akuyang'ane. Mukalowa, iweyo watch iyeyo. Pansi usavutike napo, mphuno ulibe."

"Nanga pay attention yomwe mumakalipa nayo ija?"

"Ndi zonsezo pamodzi, pakamwa uli utatseka."

Kwa a Fabião, lomalizali linali lowawa kuposa kulima. Komabe miyezi iwiri anayenda kumbuyo kwa chingwe cha galuyo, maso pa mchira, pa khutu, pa nthiti. Anayamba kudziwa mpweya wake wa ludzu, wa kutopa, ndi wa fungo. Kunyumba anayamba kumva mawu a akazi awo mpaka kumapeto, zomwe mayiwo anaziona ngati matenda.

Mu Okutobala gululo linafika pa bwinja la a Fabião eniake. Dzuwa linali litakwera, galu akupuma wefuwefu, lilime panja. Anadutsa pamene panali khitchini yakale, mafuwa atatu akadali pomwepo, ndipo sanakhale pansi. Mphunzitsi anati malowo ayera, miyala yofiira ichotsedwe. Mayi Ermelinda anali kale kuseri kwa chingwe cha malire, khasu paphewa.

"Musachotse," anatero a Fabião.

"Galu sanakhale," anayankha mphunzitsi.

"Sanakhale, koma pa mafuwa paja anatseka pakamwa. Kamodzi kokha, khutu lakumanzere nkugwa. Kutentha kuno satseka pakamwa pachabe. Tibwere mawa kusanafunde."

Mphunzitsi anavomera. Amene sanavomere ndi mayi Ermelinda.

"Bambo a Dulce," anawaitana amuna awo ndi dzina la mwana wawo, "mitambo iyo mukuiona? Zaka zisanu ndi zitatu ndaphika pa moto wa eni ake. Lero mundiletse pakhomo panga chifukwa galu watseka pakamwa?"

Anthu anaseka, ndipo manyazi anawagwira a Fabião. Mumtima ankaopa kuti mwina maso anawanamiza. Kale akanayankha mawu makumi asanu, koma tsiku limenelo anangopita kukamwetsa galu madzi.

M'mawa mwake, mame asanaume, a Fabião anagwada patsogolo pa galuyo nkunena chapansipansi, "Watch me." Galu anawayang'ana m'maso, iwonso kumuyang'ana, kenako analowa. Anayenda pang'onopang'ono, mphuno pansi, mpaka pa mafuwa. Pamenepo anatseka pakamwa, anazungulira kamodzi, nkukhala pansi.

Panalibe woseka. Wofukula mabomba anakwawa ndi kachitsulo kake, napeza bomba litamira pansi pa dothi ndi phulusa lakale, patsogolo penipeni pa mafuwa, pamene munthu amagwada akamauzira moto. Zimachititsa mantha mpaka lero ukaganiza kuti moyo wa mayi uja unatsamira pa kupuma kumodzi kwa galu, ndi pa munthu amene anaona kupumako. Bombalo analiphulitsa masana, nkhuku za mudzi wonse nkubalalika.

Fumbi litatsika, mayi Ermelinda anatula khasu. Anapita pamthunzi pamene galu anagona, nkugwada monga amagwadira apongozi.

"Bambo a Dulce, zikomo wa Chingerezi amene iyeyu amamva ndi uti?"

"Ameneyo sanandiphunzitse," anatero a Fabião. "Ingomuyang'anani."

Mayiwo anamuyang'ana galuyo mpaka mthunzi unasuntha, misozi ikutsika osaipukuta. Chimanga cha m'chitini chija anadzala Loweruka lotsatira, mvula yoyamba itagwa.