Kulimbirana Dzina la Bambo pa Intaneti

Nyumba ya alendo imene bambo anandisiyira pa boma la Lundazi imadziwika ndi dzina lawo. Ogula fodya ochokera ku Chipata ndi ku Lusaka ankafikira kwa ine chaka ndi chaka. Koma chaka chino mabelo a fodya anayamba kutuluka m'midzi ya ku Mphamba zipinda zanga zili pululu. Ndinkangozungulira pakhonde, kuchapitsa nsalu zoyera kale, kukalipira wophika popanda chifukwa. Galimoto ikamveka ndinkathamangira kugeti, iyo n'kungodutsa.

Anandiululira ndi kasitomala wanga wakale, dalaivala wa lole. Analemba dzina la nyumba yanga pa foni yake n'kundionetsa. Pamwamba penipeni panatuluka loji yatsopano ya mumsewu wa ku Chipata, yanga ili pansi.

"Amai, aba analipila," anatero. "Munthu akasakila imwe pa intaneti, advati yao ndiye ibwela poyamba."

Mwini lojiyo ndi achimwene anga, bere limodzi. Mtima unandiwawa. Ndinapita komweko ndi chitenje chakukhitchini, osasintha n'komwe.

"Monire adumbu," anandilonjera ine mlongo wawo akundikokera mpando. Sindinakhale.

"Mukuba makasitoma anga na dzina la atate!"

"Naba chani? Anali atate ako weka? Nyumba anapatsa iwe, koma dzina anasiila tonse."

Ndinabwerera kunyumba. Ndinaitanitsa amalume a ku Kapichila, amene amaweruza nkhani za pabanja pathu. Anamvetsera bwinobwino, kenaka anandiuza kuti ndiwalozere malire, poti milandu ya minda amaiyambira pamenepo. Ndiloze pati? Anamwa tiyi n'kubwerera kwawo.

Mayi wa pashopu ya makompyuta anati njira ndi imodzi: ndizilipira inenso, kuposa achimwene, kuti munthu akalemba dzinalo nyumba yanga izituluka poyamba. Ndinaseka chifukwa cha mkwiyo. Kugula chinthu chimene ndinabadwa nacho!

Ndinalipira ndithu. Alendo anayamba kubwerera, koma mtima sunakhale pansi. Ndikakweza ndalama zolipira pa intaneti, achimwene nawonso amakweza. M'mawa ndisanasukusule n'komwe ndimalemba dzina la bambo pa foni kuti ndione amene ali pamwamba.

Mwezi watha ine ndi achimwene tinapita kukalambula pamanda a bambo. Tinagwira makasu moyandikana. Titamaliza ndinabisala kuseri kwa mtengo n'kutulutsa foni. Nditadzutsa mutu ndinaona achimwene atayima kumutu kwa manda, khasu lili paphewa, nawonso akulemba pa yawo.