Nsalu ya Chipani Pabokosi la Bambo

Ndinaganiza zopita ku Joni tsiku limene tcheyamani wa pamsika ku Kawale anandiuza kuti benchi yogulitsirapo ilipo, bola ndizivala nsalu ya chipani ndi kukavina bwana akabwera. Ndinamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kumuuza kuti chiuno changa si cha boma. Mwezi usanathe ndinali m'basi, chikwama pamiyendo.

Liumali ndinatengera bambo anga. Dziko litangolandira ufulu, anyamata a chipani ankaima pachipata cha msika ndi pokwerera basi kufunsa khadi. Bambo anakana kugula, poti mpingo wawo unkaphunzitsa kuti munthu salumbira kwa mafumu awiri. Anawamenya mpaka khutu limodzi linagontha, ntchito ya ukalaliki inatha, anakabisala kutchire ku Mozambiki, koma khadilo sanaligwire. Pondiperekeza kudepoti anangoti, "Esinati mwananga, kumeneko ukagwadire Mmodzi yekha. Mabwana ukangowagwirira ntchito."

Ku Joni ndinachapa, kukolopa ndi kulera ana a eni zaka zisanu ndi zinayi. Kachipinda kanga kanali kuseri kwa galaja, ndipo Lamulungu ndinkacheza ndi khoma. Ndalama ya lendi ndi mankhwala a bambo ndinkatumiza kwa mchimwene wanga wamng'ono, Yona. Mauthenga ake ankayamba ndi "muli bwanji" n'kuthera pa "zavuta". Bambo pafoni sankamva bwino, ankangofuula kuti, "Ukupemphera?" Ndikadula foni ndinkalira, sindibisa.

Uthenga wa maliro awo unandipeza ndikusita. Nditayenda masiku awiri, ndinafika ku Kawale miyendo itatupa. Pakhomo panali tenti, mipando, matumba a ufa ndi azimayi ovala nsalu zofanana, nkhope ya munthu ili kumbuyo. M'nyumba munali bokosi lonyezimira, atalifunditsa nsalu yomweyo.

"Yona, ichi n'chiyani?"

"Achemwali, tsitsani mawu. Olemekezeka atithandiza. Bokosi, thiransipoti, chakudya, zonse. Angopempha kuti akayankhule pang'ono kumanda."

"Bambo anavomera?"

"Womwalira savomera kanthu. Inu munali kunja, mavuto a kuno simukuwadziwa."

Ndinapsa mtima. Nsaluyo ndinaisolola, kuipinda bwinobwino, n'kukaipereka kwa nthumwi ya olemekezekayo panja, anthu onse akuona. Ndinati bokosi nalonso abwere adzatenge. Azakhali anandikoka mkono: "Iwe, ukutichititsa manyazi! Wakhuta za ku Joni eti?" Ndinawayankha kuti manyazi ndi kuveka munthu atafa chimene anachikana ali moyo.

Ndalama yanga yobwererera ndinakagulira bokosi la matabwa wamba kwa kalipentala wina ku Biwi, ndipo bambo tinawasamutsiramo. Olemekezeka atamva, lole imene anatumiza inachoka, tenti anaizula, ufa ananyamula, khamu lija linangotha ngati madzi otungira m'dengu. Apa m'pamene ndinaona mmene kwathu kunasinthira. Kale ankathyola munthu nthiti kuti agonje, lero amangomudikirira pa njala ndi pa maliro.

Tinatsala abale ochepa ndi nkhalamba za mpingo wa bambo, zina zoyendera ndodo. Kumanda n'kutali, galimoto panalibe. Yona anaima pakhomo nthawi yaitali, osandiyang'ana n'komwe. Kenaka anavula jekete, n'kugwira bokosi chakumutu.

"Tiyeni," anatero. "Tiwanyamula tokha."