Tsiku limene dzina langa linandithawa

Ndikukumbukira kutentha kwa Okutobala wa chaka chimene ndinali m'giredi seveni ku Tembwe. Mitengo ya mupani inali itayoyola masamba, nyenje zikulira mpaka makutu kuwawa. Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu, ndipo ndinkadziwa bwino kuti ndine yani: Tiwonge, nambala wani m'kalasi chaka chilichonse. Mnzanga akalephera samu ndinkaseka mokweza kuti aphunzitsi amve.

Kutatsala milungu itatu kuti tilembe mayeso, malungo anandigwira n'kukwera kumutu. Amama anapempha malo pa lole ya thonje, n'kundifikitsa kuchipatala cha ku Chama ndisakudziwa kanthu.

Ndinatsitsimuka masana dzuwa lili paliwombo, malata akuthetheka. Pakati pa mabedi panali pataima njovu. Sinkapuma, sinkaphethira, inkangondiyang'ana. Ndinakuwa mpaka mawu kutha. Mzimayi amene anali pambali panga anandikumbatira nati, "Kulibe njovu, mwana wanga. Ni bulangete chabe, aiyanika pa chitsulo cha diripi."

Fungo la chitenje chake ndinalidziwa, koma chomuitanira sindinachipeze. Kenako namwino anandifunsa dzina. Ndinatsegula pakamwa, osatuluka kanthu. Zinali ngati kukwera nkhokwe imene unaidzaza wekha n'kuipeza pululu. Anandionetsa khadi lakumiyendo kwa bedi, koma zilembo zinangokhala ngati nyerere zakufa. Njovu ija sinandiopse ngati mmene chinandiopsera ichi. Ndinaganiza kuti ndinafera pa lole paja, ndipo chagona pabedichi ndi chikopa chokha.

Adokotala a m'chipinda chathu anali mayi wa ku India, wamfupi, waimvi, wa kadontho kofiira pamphumi. Azimayi ankanong'onezana kuti sadya nyama ndiponso amapembedza milungu ina. Adokotalawo atayandikira bedi langa ndinakwawira kukhoma, poganiza kuti ndiwo atenga dzina langa n'kulitsekera m'kadontho kaja.

Anakhala pampando, nandilankhula m'Chinyanja chimene anaphunzira ku Chipata.

"Ulirira chani?"

"Niyopa. Ine kulibe. Nasowa."

"Wasowa? Nanga uyu amene ayopa ni ndani?"



"Dzina lachoka, zilembo zachoka," anapitiriza adokotala. "Manje amene aona kuti zachoka alipo, na malungo sanamugwire. Namva kuti unaona njovu. Mantha yako yanali yeniyeni, koma njovu kunalibe. Kwathu ichi timachitcha maya, chinthu chooneka monga chilipo koma kulibe. Na 'ine' uja amene ulirira, wa dzina na manambala, nayenso ni bulangete pa chitsulo."

Mawuwo sananditonthoze msanga, anandiwonjezera mantha. Ndinamva ngati ndaima pagombe la Luangwa dothi likugumuka kunsi kwa mapazi. Ngati sindine Tiwonge wa nambala wani, ndiye ndine chiyani?  Adokotala anangondiuza kuti ndisathamangitse dzina, ndingomvetsera mpweya ukulowa ndi kutuluka. Ndinatero. Patapita kanthawi ndinazindikira kuti ndikumva nyenje panja, ndikumva thukuta likutsika m'khosi, ndikumvanso mantha enieniwo, ndipo amene ankamva zonsezi anali phee, wopanda dzina, wosavulala.

Mzimayi wa chitenje uja, amene ndinadzawakumbukira pambuyo pake kuti ndi amama, anadzuka nkhope ili gwa.

"Adokotala, mwana uyu ni wa Yesu."

"Pitirizani kupemphera, amayi," anayankha modekha. "Sinimulanda kwa aliyense. Nifuna chabe aleke kuyopa kuti mankhwala yasewenze."

Dzina linabwerera tsiku lachinayi, lokha, ndikumwa phala. Zilembo zinatenga miyezi. Mayeso anandipita, ndinabwereza kalasi, ndipo sindinakhalenso nambala wani. Zinandipweteka, koma osati ngati imfa, chifukwa ndinali nditaona kale kuti nambalayo ikachoka pali chimene chimatsala. Adokotala aja anachoka ku Chama chaka chotsatira ndisanawathokoze.

Ndidakali Mkhristu, ndipo za chipembedzo chawo ndikudziwa zochepa. Chimene ndikumvetsa tsopano nchakuti munthu amatha moyo wake wonse akulondera dzina, udindo ndi mbiri, n'kumagona ndi mantha ngati wolondera munda wa chimanga, osadziwa kuti iye mwini si mundawo.

Amama akalamba, ndipo mutu wawo wayamba kutaya zinthu. Masiku ena amanditcha dzina la mkulu wawo amene anamwalira kalekale, masiku ena amandifunsa kuti ndine mlendo wochokera kuti. Abale anga amalira, amati amama anapita kale ngakhale akupuma. Ine amama sindiwakonza, sindiwakakamiza kukumbukira. Ndimakhala nawo pamphasa n'kuwayang'ana m'maso, ndipo m'menemo mumakhala wina akundiyang'ananso.