Mlongo Wanga Ankati Wadya

Lachiwiri ndinapita ku Kamwala, mwana kumsana, kukafunafuna makina osokera a mayi anga. Ndinawapeza pakhonde la sitolo ina, akuwapalasa bambo wina wachilendo. Anati anawagula kwa munthu wa njuga wa ku Kabwata.

Makinawo anabwera nawo mlongo wanga Lameki kuchokera ku Katete. Mayi anamupatsa poti iwo maso afooka, kuti azidzidyetsa nawo m'tauni muno.

Ndiulule, amene anamuonetsa njira ya ku Kabwata ndine. Ankangokhala m'nyumba kwathu ku Chelstone, osadziwa munthu. Akalankhula m'basi, anthu ankaseka Chichewa chake chakumudzi. Ndinamuuza kuti kuli nyumba ina kumene akwathu amakumana Loweruka, akachezeko.

Akabwerako ndinkamufunsa ngati wadya. Ankamwetulira n'kuvomera, tsiku lina anati wadya kawiri. Mtima wanga unkakhala pansi. Masiku ano ofolera ufa pamzere, ndani angadandaule kuti m'bale wake wakhuta kwa ena?

Ine ndi satifiketi yanga ya kukoleji, sindinkadziwa kuti pa njuga kudya ndi kupambana.

Sabata yatha ndinafunsanso. Anayang'ana pansi.

"Ba sisi, lelo andidya."

Ndinavundukula nsalu yophimbira makina. Pansi pake panali katoni yopanda kanthu.

Ife obwera timasamalana kwambiri pamaliro. Munthu akafa, lole imapezeka, mtembo umakagona kwawo. Nanga wamoyo amene watsika basi dzulo, amamulandira ndani? Kutchalitchi timamugwira chanza Lamlungu, basi, aliyense ulendo. Wa njuga amamupatsa mpando, amamufunsa chiwongo, amakumbuka ndi dzina la mudzi wake. Lameki akuti poyamba sankasewera n'komwe. Ankangopita poti kumeneko kokha ndi kumene ankamutchula kuti aPhiri.

Nyumba za njuga zimenezi timazidziwa, koma timatseka pakamwa, ati tisachititse manyazi wakwathu pamaso pa mitundu ina. Anzanga awiri akumpingo ankadziwa zonse. Andiuza dzana.

Bambo a mwana akuti Lameki timukweze basi abwerere kumudzi. Ine ndikukana, komanso ndikuopa kumusiya yekha m'nyumba ndikapita kuntchito.

Dzulo kwabwera kalata. Mayi akuti Lameki awasokere diresi la Khirisimasi, ndipo aikamo kachingwe komanga mfundo, muyeso wa m'chiuno mwawo.

Inu owerenga, ndiwayankhe kuti chiyani?