Ndani Anatsekula Zitseko za Shedi?

Dandaulo langa loyamba pa nkhani iyi ndinalipereka ku ofesi ya esiteti m'nyengo ya mvula, nthawi ya Chitaganya, ndili mtsikana wosakwatiwa. Lachiwiri linapita kwa akulu a mpingo. Ena ndakhala ndikulemba mpaka mutu wachita mbuu. Makope ake ndimasunga m'chitini cha mabisiketi pamodzi ndi tikiti yanga ya ntchito, ndipo palibe ngakhale limodzi linayankhidwa.

Ntchito ya zisudzo sindinachite kuifunafuna. Ndinkathyola tiyi ngati amayi anga, dengu kumsana, masamba awiri ndi nsonga yake, ndipo ndine ndinkayambitsa nyimbo m'mzere kuti manja asafooke. Tsiku lina pa sikelo panaima a Makwinja, aphunzitsi a sukulu ya pa esiteti, amene anapatsidwa udindo wokonza konsati ya antchito. Anati, "Wa mawu okwera uja ndiwe? Mawa usatenge dengu. Ubwere ku shedi."

Shediyo inali yosungiramo mabokosi a tiyi. Mabokosiwo tinkawandanditsa n'kuyalapo matabwa, basi nsanja yatheka. Katani anali wa ziguduli zosokedwa pamodzi, woyenda pa waya. Zoimbira zinali banjo, gitala, ng'oma ndi chisekese. Wosewera ngati nkhalamba ankathiridwa ufa m'tsitsi, makwinya n'kumujambula ndi khala. A Makwinja anandiphunzitsa kupuma ndi mimba osati chifuwa, kusafulatira oonerera, ndi kuponya mawu mpaka kwa munthu wa kukhomo popanda kukuwa. Ndinene chilungamo: ntchito yawo ankaidziwa.

Sewero lathu linali la nyimbo, lonena za mwamuna wopita ku migodi ya ku Joni. Ndisanabwere, mbali zikuluzikulu ankasewera ndi Esinati, mwana wa mlongo wawo wa a Makwinja. Koma bwana wa fakitale atadutsa tikuyeserera analoza ine, ndipo mbali ya mkazi wotsala pakhomo inakhala yanga. Esinati anangopatsidwa ya mnansi wobwera ndi uthenga. Kuyambira pamenepo anasiya kundinyemera chinangwa chake.

Kumapeto kwa sewerolo mkazi uja amamva kuti mwamuna wake wafera m'mgodi. Masiku onse pamenepa ndinkaimba nyimbo yachisoni motsitsa mawu, zitseko zili zotseka. Lamulo lotseka zitseko linali la a Makwinja eniake, kuti anthu asaone sewero tsiku lisanafike.

Tsiku lovutalo tinkayeserera masana, tiyi ataphukira kwambiri, aliyense ali kumunda. A Makwinja anaimitsa banjo.

"Nyimboyi ikuzizira. Lero usaimbe. Ulire mmene amalirira kwanu."

"Aphunzitsi, kulira maliro popanda maliro ndi malodza."

"Ili ndi sewero, mwanawe. Ngati ukuopa, nena, timpatse Esinati."

Ndinayang'ana zitseko. Zinali zotseka zonse ziwiri. Anandiuza kuti ndigwade ndi kufunda chitenje kumutu, ndipo ndinatero. Ndinalira m'Chilomwe, mmene azakhali anga analirira amuna awo, ndi mawu onse amene a Makwinja anandiphunzitsa kuponya aja. Nditavundukula chitenje, m'shedi munali dzuwa. Zitseko zinali pululu, ndipo zinkayang'ana kuchigwa kumene anthu ankathyola.

Wobadwira kuno akudziwa kuti mfuu ya mkazi ikamveka, umasiya chimene wagwira. Madengu anatayidwa m'mizere, masamba n'kumapsa ndi dzuwa. Azimayi anafika akuthamanga, ena atayamba kale kulira. Amayi anga anazindikira mawu anga, ndipo anagwa panjira poganiza kuti abambo atisiya. Kapitawo wamkulu, a Nampinga, analowa chipewa chili m'manja.

"Watisiya ndani?"

A Makwinja anayankha osaphethira: "Palibe, akapitawo. Ine ndinati aimbe. Mtsikanayu wangozitengera patali."

Esinati ankayang'ana zala za kumapazi kwake. Woimba banjo anati iye anali kalikiliki ndi nsambo, sanaone kanthu. Mayi wina wachikulire anandiloza n'kunena kuti, "Imfa waiitana yekha. Ibwera ndithu."

Anandichotsa ntchito, ya konsati ndi ya kumunda yomwe. Zimenezo ndikanapirira. Koma pasanapite nthawi chikuku chinalowa m'malaini a nyumba za antchito, ndipo mwana wa a Nampinga anamwalira. Anthu anati imfayo ndinaiitana ndine. Ndikafika pachitsime nkhani inkathera pomwepo. Kukwaya anandiuza kuti ndiyambe ndapuma. Kumaliro a mwanayo anandibweza ndili pa mpanda, ndipo banja lathu linasamukira ku Khonjeni. Pa Khirisimasi Esinati anasewera mbali yanga. Amene anaonera anandiuza kuti anaimba nyimbo yotsitsa mawu ija, sanalire.

Nditafunsa za zitseko, a Makwinja anati inali mphepo. Zitsekozo zinali zachitsulo, zoyenda pa njanji, ndipo zinkafuna manja awiri ndi phewa. Ine sindinaone dzanja la munthu, n'chifukwa chake sindinatchulepo munthu kuti ndiye. Ndimangofunsa kuti bwanji lamulo lawo lomwe linasweka pa tsiku lokhalo limene anasintha nyimbo, nanga bwanji anandifunditsa chitenje chimene kale sichinali m'sewero.

Kuimba sindinasiye. Ndaimba m'maukwati, ndaphunzitsa atsikana zisudzo za kumpingo kwa zaka zambiri. Aliyense ndimamuuza chimodzi asanakwere nsanja: chimene kwanu amaletsa, pa nsanja n'choletsedwabe, ndipo wokuuza kuti uchite sadzakhala nawe anthu akamafika.

A Makwinja anatisiya kalekale. A Esinati ndikumva kuti alipo, ku Masambanjati. Choncho ndikupempha mwaulemu kuti iwo, ndi wina aliyense wotsala mwa amene anali m'shedi masana aja, anene pamaso pa akulu a mpingo ndi abale a a Nampinga kuti analamula ndani kuti ndilire, ndipo anakankha zitseko ndani. Ndikupemphanso kuti yankho lifike ndidakali ndi makutu omvera.